Kutsuka kanyula: saline wochuluka bwanji, kangati?

Wophunzira unamwino, Zomba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kanyula yopanda diripi, yongoperekera mankhwala monga ceftriaxone kamodzi patsiku, tiziitsuka kangati? Nanga saline (madzi amchere a diripi) akasowa, water for injection (madzi osungunulira mankhwala obaya) angalowe m'malo?

Sisitala wa wodi ya amuna:
Water for injection ayi ndithu, achemwali. Alibe mchere, ndiye akalowa yekha mumtsempha amaphulitsa maselo ofiira a magazi. Gwiritsani normal saline 0.9%, mamililita 5 mpaka 10 kwa wamkulu. Tsukani musanapereke mankhwala, pakati pa mankhwala awiri, ndiponso mukamaliza. Kanyula ikangokhala osagwiritsidwa ntchito, itsukeni maola 8 mpaka 12 aliwonse. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, safunika pa kanyula ya pamkono ya wamkulu.

Sambani m'manja, pukutani pakamwa pa kanyula ndi spiriti kwa masekondi 15, mudikire paume. Tengani sirinji ya 10 ml, chifukwa yaing'ono imakankha mwamphamvu kwambiri. Kankhani mililita imodzi, imani, kankhaninso. Kudukizaku kumavundula madzi mkati, n'kukokolola magazi omata m'mbali. Tsekani kanyula mukadali kukankha mililita yomaliza kuti magazi asabwerere n'kuundana kunsonga.

Namwino wa wodi ya ana:
Poti mwatchula ceftriaxone: sagwirizana ndi madzi a diripi a Ringer's lactate. Calcium wa mu Ringer's akakumana naye amapanga timibulu mupaipi, ndipo kwa makanda zimenezi zimapha. Phenytoin, mankhwala a khunyu, nayenso amaundana mu dextrose, madzi a diripi a shuga. N'chifukwa chake kutsuka kwapakati sitidumpha ngakhale wodi itadzaza.

Kwa khanda la kanyula yachikasu ya 24G, 0.5 mpaka 1 ml wakwana, ndipo muziwerengera pa madzi a tsikulo. Tsukani pa liwiro lomwe munaperekera mankhwala, apo ayi otsalira mupaipi alowa onse nthawi imodzi.

Mphunzitsi wa anamwino, Malosa:
Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kukakamiza. Sirinji ikalimba, yang'anani ngati paipi yapindika kapena mkono wapinda. Ikalimbabe, chotsani kanyula, ikani ina pamalo ena. Mukakankha mwamphamvu mutumiza magazi oundana mumtsempha kapena kuuboola.

Maso akhale pakhungu, ndipo mufunse wodwala, “Bambo, kukuwawa?” Kutupa ndi kuzizira ndiye kuti madzi akuthawira mumnofu. Kufiira, kutentha ndi mtsempha wouma ngati chingwe ndi phlebitis, kutupa kwa mtsempha. Zonsezi kanyula ichoke.

Musatunge saline wa odwala ambiri m'thumba limodzi lopachikidwa, tizilombo timafalikira pamenepo. Lembani mufayilo nthawi imene mwatsuka.