BP yakwera koma thupi lili bwinobwino: ndiyambe mapilisi kapena zitsamba kaye?

Mlonda wa ku Randburg

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 46, ndimagwira ntchito yaulonda, kawirikawiri usiku. Loweruka ndinalowa mu famase kukagula mankhwala a mutu a Grand-Pa, ndiye ndinapeza namwino akuyeza anthu BP. Ndinapereka mkono mongocheza, makina n'kuwerenga 162/101. Namwinoyo akuti ndipite ku kiliniki sabata yomwe ino. Komatu ine sindikudwala. Mutu umawawa mwa apo ndi apo, koma ndani wogwira usiku amene mutu sumuwawa?

Mayi akunyumba akuti ndiyambe ndi chammwamba ndi adyo, achemwali awo atitumizira ufa wake pa basi. Anzanga kuntchito akuti mapilisi a BP ukangowayamba ndiye mpaka kumanda, komanso amafooketsa bambo m'nyumba. Chikundisowetsa mtendere n'chakuti bambo anga anagwa kumunda kwathu ku Ntcheu, mbali imodzi n'kufa, asanakwane zaka 60. Anthu ankati awamenya hamala. Komanso za ku kiliniki mukuzidziwa, masiku ano mlendo amapita mtima uli m'mwamba. Nditani?

Nambewe wa ku Turffontein

Achimwene, pitani ku kiliniki. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutopa kuwerenga mukhale mutawamva.

Ine ndimasamalira agogo achizungu pa nyumba ina ya okalamba kum'mwera kwa tauni, ndipo kamakina ka BP ndimakagwira m'mawa uliwonse. Amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi supuni, ambiri ndi a sitiroko. Mukafunsa ana awo amati "anali bwinobwino, sankadandaula kanthu." BP ndi mmene ilili. Siyipweteka pokwera. Imangodya mitsempha ya mu ubongo, mtima, impso ndi maso mwakachetechete. Hamala ya bambo anuyo ine sinditsutsana ndi a kumudzi, koma kugwa mwadzidzidzi mbali imodzi n'kufa ndi momwe sitiroko imabwerera, ndipo BP imayenda m'magazi a banja.

Muyezo wake ndi uwu: kuyambira 140/90 kupita m'mwamba amati yakwera. Koma tsiku limodzi silokwanira kugamula, makamaka inu amene mwina munali mutangoweruka, tulo tili m'maso, khofi ali m'mimba. Pokayezetsanso musamwe khofi kapena kusuta kwa theka la ola, mukhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osayankhula. Lembani manambala m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake. Ikangofika 180/110, kapena mwamva kupweteka pachifuwa, maso akuchita chidima, pakamwa papotoka, mkono walemera, lilime likukanika, musadikire kuti kuche. Imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177.

Mukakafika musangoti "ndiyezeni BP" n'kutuluka. Apempheni akubayeni chala aone shuga, ayeze mkodzo ngati muli puloteni, atenge magazi oona impso. Shuga wa m'mawa musanadye akafika 7.0 kapena kuposa, ndiye kuti pali nkhani. Matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi, ndipo onse amathera pa impso.

Tsono za Grand-Pa. Muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Kumwa kamodzi si mlandu, koma ngati mukuthira pa lilime usiku uliwonse n'kutsitsira ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini, mukawauze anamwino. Chimodzimodzi ibuprofen ndi diclofenac amene timagulira msana: amakweza BP ndipo impso sizikondwera nawo.

Zoti ukayamba susiya, n'zoona kwa anthu ambiri. Koma si pilisi limene lakumangani, ndi matendawo amene sachoka. Ena akachepetsa thupi ndi mchere, adokotala amawatsitsira mlingo. Za m'nyumbazo ndinene mosabisa, tonse ndife akuluakulu: mapilisi ena amatha kutero kwa anthu ena, koma BP ndi shuga zosasamalidwa ndi zimene zimaononga mitsempha ya kumeneko kwambiri. Mitundu ya mankhwala ilipo ingapo. Amlodipine ena amatupa nayo akakolo, enalapril ena amatsokomola chifuwa chouma. Ukanena amakusinthira. Choipa n'kungosiya chamumtima.

Malume a ku Yeoville

Mayi Nambewe mwalankhula bwino, koma musanyoze zitsamba. Makolo athu anakula nazo. Ine ndili ndi shuga, ndimamwa metformin, koma chammwamba ndimathira m'phala tsiku lililonse ndipo ndikuona kupepuka m'thupi. Vuto ndi zakudya za kuno. Kwathu tinkadya mgaiwa, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, n'kuyenda wapansi kupita kumunda. Kuno m'mawa magwinya, masana kota ya polony ndi russian ndi atchar, madzulo pap woyera mbuu ndi nkhuku yokazinga, botolo la 2 litre lili patebulo. Mphwanga, bwera ku msika wa Yeoville, usipa, nyemba ndi masamba zimapezeka. Konza mphika kaye.

Nambewe wa ku Turffontein

Malume, sindikunyoza ayi. Inuyo mwanena nokha kuti metformin simunamusiye, ndiye tili mbali imodzi. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, adyo ndi wabwino mumphika. Chimene ndimakana ndi kuika masamba m'malo mwa kuyeza. Munthu wa 162/101 amene bambo ake anagwa ndi sitiroko asamayesere miyezi isanu ndi umodzi kuti aone ngati ufa ugwire ntchito. Ndipo zamabotolo zopanda dzina zogulitsa pa renki, zoti zimatsuka magazi, zimachiza shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi, zimenezo ndiye ayi. Simudziwa chili m'katimo, ndipo impso zikafa, dialysis (kutsuka magazi ndi makina) m'zipatala za boma ndi ya anthu ochepa osankhidwa. Kwa mlendo ndiye ndi phiri.

Pa za mphika mwalasa. Bungwe la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika womwe. Dziko lino linaika malamulo ochepetsa mchere mu buledi, masoseji ndi supu za m'mapaketi kuyambira 2016, ndipo mu 2018 linaika msonkho pa zakumwa za shuga. Koma boma silingalowe m'khitchini mwanu. Ife timaponya ma cube awiri mu ndiwo, kuwaza Aromat, kenako mchere wina pambale. Usipa wouma nawonso, Malume, wina umabwera ndi mchere wambiri, muziuviika kaye m'madzi n'kutaya madziwo. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa, ndaona ndi amuna anga amene poyamba ankati ndikuwaphikira za kuchipatala.

Achimwene a ku Randburg, tengani chingwe muyeze msinkhu wanu, muchipinde pawiri, muzungulize pamimba podutsa pa mchombo. Chikakana kukumana, mimbayo yapitirira. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata n'kumene amalimbikitsa. Inu muli ndi mwayi, m'malo mokhala m'kanyumba ka pageti usiku wonse, zungulirani mpanda.

Ndiwonjezere za mayi akunyumba, popeza iwo ndi amene akukusamalani. Nanga iwo anayezetsa liti khomo la chiberekero? Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi kwambiri padziko lonse. Kwathu amayeza ndi viniga uja, kuno amachita Pap smear, ndipo ku kiliniki ya boma ndi ulere: katatu, pa zaka 30, 40 ndi 50, koma amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi, zaka zitatu zilizonse. Ngati muli ndi mtsikana ku pulayimale ya boma, katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, amaperekedwa kusukulu kuyambira 2014. Fomu ikabwera sainani, musaibise pansi pa matiresi.

Mayi wa ana awiri, Cosmo City

Ndingoikapo kamodzi kwa amene tili pa ma ARV, poti tilipo ambiri ngakhale sitinena. Chiyambireni TLD, pilisi la ARV lomwe muli mankhwala a dolutegravir, thupi langa linakwera kwambiri, ndipo anamwino anandiuza kuti dolutegravir amatero kwa ena, makamaka amayi. Kafukufuku wa ADVANCE amene anaonetsa zimenezi anachitikira konkuno ku Johannesburg. Ndiye pokatenga mankhwala muziwauza akuyezeni BP, shuga ndi sikelo, musamangotenga botolo n'kuthawa. Muwauzenso zonse zimene mukumwa, ngakhale za mayi a ku tchalitchi. Mapilisi a calcium, a iron ndi a chilungulira amasokoneza dolutegravir mukamwera pamodzi mosatsata malangizo, ndipo amene ali pa metformin mlingo wake amauyang'ananso.

Za mantha a pageti la kiliniki ndikuzimva, inenso anandibwezapo anthu ena osavala yunifolomu. Ndinapita kiliniki ina mawa lake m'mamawa ndipo anandithandiza. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, silinena kuti nzika zokha. Tengani pasipoti ndi kapepala kosonyeza pamene mukukhala.

Mlonda wa ku Randburg

Zikomo nonse. Chingwe chija chakana kukumana, kwatsala zala zinayi, mayi akunyumba aseka mpaka misozi. Ndapempha tsiku Lachinayi, tipita tonse awiri, iwo akayezetse zawo. Funso lina Mayi Nambewe: akandiyambitsa mapilisi, ndiye kuti mwezi uliwonse ndizikaima pamzere tsiku lonse? Abwana anga sangandimvetse.

Nambewe wa ku Turffontein

Miyezi yoyamba inde, mpaka aone kuti manambala akhazikika. Zikatero funsani za CCMDD, ndondomeko ya boma yotengera mankhwala kunja kwa kiliniki. Amakulembetsani, mankhwala mumakatengera pamalo amene mwasankha, ena amatengera ku Clicks kapena Dis-Chem, uthenga umabwera pa foni ndipo simulipira. Muwauzenso kuti mumagwira usiku, chifukwa mapilisi ena a BP, hydrochlorothiazide, amakodzetsa, ndiye mugwirizane nthawi yomwera yoti isakuonongereni tulo tamasana. Paketi ya chammwambayo mupite nayo, aione.