Nyale ya buluu yopha udzudzu ija ndigule kapena ayi?

Make mapasa: Abale ndithandizeni nzeru, ndikufuna kugula nyale ya buluu ija imathetheka ikagwira tizilombo. Neti tili nayo koma anawa akulumidwa masana, miyendo yonse totupa tokhatokha mpaka ndikumva chisoni.

Achimwene aakulu: Gulani mlongo. Yanga mmawa uliwonse ndimakhuthula zakufa zambirimbiri.

Anesi: Achimwene mudzaziyang'anitsitse zakufazo, zambiri ndi timagulugufe ta usiku. Udzudzu sulabada kwenikweni za kuwala, umatsata mpweya umene timapuma, kutentha kwa thupi ndi fungo la thukuta. Mayi, wolumawo ukuoneka bwanji?

Make mapasa: Wakuda, miyendo yake ili ndi timizere toyera

Anesi: Umenewo ukhoza kukhala Aedes aegypti, si Anopheles wa malungo uja ayi. Uwu umaluma kukacha ndi madzulo dzuwa lisanalowe, nthawi imene anawo ali panja kusewera, ndiye nyale yamnyumba iwateteza bwanji. Ndi umene umafalitsa matenda a dengue, chikungunya, yellow fever ndi Zika, ija inavuta ku Brazil mu 2015 ana mpaka kumabadwa ndi mitu yaing'ono. Dengue ilibenso mankhwala ake enieni, nchifukwa chake sindikufuna mutaye ndalama pa chinthu chongokupatsani mtima mmalo.

Achimwene aakulu: Komabe kupha ochepa si bola kusiyana nkungokhala?

Alamu: Ine ndili mbali ya anesi. Yanga inkangothetheka usiku onse koma kulumidwa osasiya, tsiku lina ndinasuzumira mmatayala akale kuseri kwa nyumba, eee timphutsi tikungovinavina mmadzi, ndinataya madziwo nkuboola matayala onse ndipo patatha masabata angapo zinasintha. Udzudzu umenewu suuluka mtunda wautali, ukakuluma dziwa kuti waswera pafupi pomwepo.

Anesi: Ndipo muzikwecha mkati mwa ndowa ndi madiramu, osangotaya madzi. Mazira ake amamatirira mmbali ndipo amatha miyezi ali ouma, akangonyowa basi aswa. Kuchoka pa dzira kufika wouluka ndi masiku 7 mpaka 10, ndiye kamodzi pa sabata osaphonya. Ngati nkugula, gulani mafuta odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi mankhwala otchedwa DEET kapena picaridin, koma DEET osadzoza khanda losakwana miyezi 2.

Make mapasa: Nanga neti ndiisiye?

Anesi: Ayi ndithu, wa malungo uja usiku ulipobe. Ndipo wamng'ono akamagona masana mumgoneke mu neti momwemo.

Achimwene aakulu: Yanga sinditaya, koma mawa ndiyamba ndaona kaye zakufazo.

Make mapasa: Chabwino nyale ndaisiya. Ndili ndi diramu losavindikira pakhonde, ndikupita kukaliona pompano.