Ndalama zothandizira laibulale yakale ya Trinity College zimapita kuti?

Nabanda:
Ndaona zithunzi za Long Room, chipinda chachitali cha laibulale yakale ya ku Trinity College Dublin ku Ireland, mashelefu ambiri ali mbee, mabuku anachotsamo, koma akupemphabe thandizo. Akuluakulu odziwa za ntchitoyi, munthu akapereka ndalama imagwira chiyani kwenikweni? Nanga ngati mabukuwo ndi osalimba chonchi, bwanji osangowatsekera m'malo moonetsa alendo?

Chisale:
Mayi Nabanda, mashelefuwo sanakhuthulidwe mwangozi. Nyumbayi inamangidwa kuyambira 1712 mpaka 1732, chipindacho n'chotalika pafupifupi mamita 65, ndipo munkakhala mabuku akale okwana 200,000. Mashelefu, makwerero ndi denga lomwe anakweza mu 1860, zonse ndi matabwa ouma gwa. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa mu 2019, aliyense anaona zomwe moto ungachite pamalo otere. Pa ntchito yokonzanso nyumbayi, boma la Ireland linaikapo mayuro 25 miliyoni, zotsala n'zomwe koleji ikufunafuna, kuphatikizapo kwa anthu akufuna kwabwino.

Gawo lalikulu likupita ku zinthu zosaoneka pachithunzi: zozimitsira moto, makina oyeretsa mpweya, ndi kuchotsa mabuku. Ntchito yochotsayi ndi ya limodzilimodzi. Buku amalitsitsa, amalipopa fumbi ndi makina okoka mpweya pang'onopang'ono, amaliyeza, amaliika kachizindikiro ka RFID (kowerengedwa ndi makina kudzera m'mafunde a wailesi) kogwirizana ndi kaundula, kenako n'kupita nalo kosungira. Mukalumpha za kaundulazo, buku limasowa lili m'nyumba momwemo.

Nyamsukwa:
Ndiwonjezere za buku lenilenilo. Chimaliwononga kwambiri ndi chinyezi chosinthasintha. Osunga mabuku amafuna chikhale pakati pa 45 ndi 55 peresenti, kutentha kusapitirire madigiri 20. Chinyezi chikadutsa 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba kumera. Chikatsika kwambiri, guluu wa kumsana kwa buku amauma n'kuthetheka. Masamba a chikopa ndiye amavuta zedi, amafufuma ndi kukhwinyata ngati chikumba chosiyidwa padzuwa, ndipo utoto wa pamwamba pake umasuwuka.

Zikuto za chikopa za m'zaka za m'ma 1800 zili ndi matenda akeake. Utsi wa malasha ndi wa nyale za gasi unkalowa m'chikopacho, lero mukachigwira chimasiya ufa wofiira m'manja. Sichibwereranso. Amangochipaka mankhwala monga Klucel G kuti ufawo ugwirane, n'kuika bukulo m'bokosi lopanda asidi lodulidwa molingana ndi muyeso wake. Inki yakale yopangidwa ndi chitsulo nayo imadya pepala mpaka zilembo kubooka.

Tsamba long'ambika amamata ndi pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, chifukwa wodzabwera m'tsogolo akhoza kulimatula ndi kachinyezi pang'ono. Selotepu ayi ndithu! Imasiya banga lachikasu lomwe limalowerera mpaka kuseri. Ndiye mukamva kuti ndalama zapita ku malipiro, musakhumudwe. Ntchitoyi ndi ya manja, buku limodzi lowonongeka likhoza kudya masiku ambiri a katswiri.

Mkandawire:
Pa funso lachiwiri lija, chionetsero ndicho chimadyetsa ntchito yosamalira. Anthu amalipira pakhomo kudzaona Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lomwe linalembedwa pamanja cha m'ma 800 pa zikopa za mathole, masamba 340. Mu 1953 katswiri womanga mabuku Roger Powell analimanganso m'zigawo zinayi, motero saonetsa zonse nthawi imodzi, ndipo masamba amawatembenuza pakapita nthawi kuti tsamba limodzi lisamangolandira kuwala. Kuwalako sikupitirira malakisi 50 (lakisi ndi muyeso wa kuwala), n'chifukwa chake m'chipindamo mumakhala kamdima. Zomwe kuwala kwafufutitsa sizibwerera. Buku lotsegula amaligoneka pa kachotengera kopangira ilo lokha, chifukwa mukalitambasula kuti lifike pansi mbali zonse, ulusi wa kumsana umaduka.

Vuto n'lakuti alendo omwewo amabwera ndi fumbi la m'zovala, thukuta ndi mpweya wofunda. Mbali ya ndalama za pakhomo imathera pokonza zomwe khamulo labweretsa.

Nabanda:
Zikomo nonse. Ndiye wopereka anene kuti ndalama yake ipite kuti?

Chisale:
Ambiri amakonda kusankha buku limodzi lotchuka kuti dzina lawo lilembedwe pabokosi. Palibe cholakwika, koma mabuku otchuka sasowa owathandiza. Zimasowa mwini ndi denga lodontha, mawaya akale amagetsi, mabokosi ndi kujambula masamba kuti akhale pa kompyuta. Tikumbukire kuti laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku umodzi mu December 2015, mabuku masauzande n'kutha. Ine ndingati lembani kuti ndalamayo ndi ya kasamalidwe ka mabuku, osatchula buku, ndipo pemphani lipoti la pachaka kuti muone mabuku angati anatsukidwa ndi kuikidwa m'mabokosi.