Masheya a kampani yodikira rigi ku Cameroon: tiikemo ndalama za gulu?

Chikondi: Akuluakulu, ndabwera ndi ganizo, musandidule msanga. Ndalama za gulu zimene zangokhala kubanki zija, bwanji titapatulapo £1,500 n'kugula masheya a Tower Resources? Ndi kampani yaing'ono yofufuza mafuta, ya pa AIM, msika wa masheya a makampani ang'onoang'ono ku London. Ili ndi chilolezo cha malo otchedwa Thali, m'nyanja kufupi ndi gombe la Cameroon, ndipo ikufuna kuboola chitsime chotchedwa NJOM-3. Sheya imodzi mtengo wake sufika ngakhale 1p. Rigi, chimakina choboolera chitsimecho, ikangofika pamalopo mtengo sungakhale pomwepo.

Dalitso: Ndiye kuti ndi £20 yanga ndikhala ndi masheya masauzande? Ndilembeni kale, ndikauze akumudzi kuti ndili ndi kampani ya mafuta.

Mai a Tadala: Dalitso tadikira kaye. Chikondi mwanangu, ndalama zimenezi n'zimene timathandizana nazo pakagwa maliro. Ndisanatsegule buku ndikufuna ndimve: rigiyo ikufika liti?

Chikondi: Tsiku lenileni limasinthasintha mayi, koma zinthu zikuyenda. Mu January 2025 analengeza kuti agwirizana ndi kampani ina, Prime Global Energies, kuti itenge 42.5% ya chilolezocho n'kuthirapo $15 miliyoni pa ntchito yoboola. Komanso si malo ongolota ayi. Total inaboolapo kale pamenepo n'kupeza mafuta. Madzi ake ndi osaya, safuna sitima zikuluzikulu zija, rigi yamiyendo yoima pansi pa nyanja ikukwana.

Bambo Mbewe: Moni nonse. Ndimawerenga ndili chete koma apa ndiyankhulepo, poti kuno ku Aberdeen nkhani za marigi timadya nazo nsima. Chikondi, zimene wanenazi si zabodza. Koma funso la Mai a Tadala sunaliyankhe, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Chilolezo cha Thali anasaina mu 2015. Werenga wekha kuti papita zaka zingati. Chitsime chomwechi chinayenera kuboledwa kalekale, kenaka kunabwera Covid mu 2020, kenaka panamveka za rigi ya Borr Drilling yotchedwa Norve, nayonso sinaboole. Sindikunena kuti pali wakuba. Ndikunena kuti kampani yaing'ono imakhala kumapeto kwa mzere.

Mwini rigi amafuna kontrakiti ya chaka chimodzi, ziwiri, zitatu, kwa kampani imene akudziwa kuti ilipira. Iwe ukabwera ndi chitsime chimodzi cha mwezi umodzi kapena iwiri, amakuuza kuti udikire mpata pakati pa ntchito za akuluakulu. Wamkulu uja akawonjezera zitsime ziwiri pa kontrakiti yake, mpata wako wapita. Ndiye pali ndalama yokokera rigiyo kuchoka kumene ili, mabwato oithandizira, helikopita, mapaipi, matope oboolera, inshuwalansi. Zonsezi zimafuna ndalama patsogolo. Wobwereketsa ndalama amati ndionetse kontrakiti ya rigi, mwini rigi amati ndionetse ndalama, boma nalo liyenera kuvomereza mnzako watsopanoyo asanatulutse kalikonse. Atatu onsewa kuti agwirizane mwezi umodzi, si masewera.

Chikondi: Komatu bambo, marigi amiyendo anachuluka pamsika. Saudi Aramco itasiya mu 2024 pulani yokweza mafuta kufika migolo 13 miliyoni patsiku, inaimitsa marigi ambiri. Eni ake akusaka ntchito, sangakane kasitomala.

Bambo Mbewe: Apo wawerenga bwino, ndikuvomera. Zinathandizadi ang'onoang'ono. Koma rigi imene ili ku Gulf, nyanja ya kufupi ndi Saudi Arabia, siili ku Cameroon, ndipo kupezeka kwa rigi sikuika ndalama m'thumba mwa kampani.

Yamikani: Ndilowepo ndi mbali ya mabuku, ndiyo ntchito yanga kuno ku Joni. Chimene anthu ambiri sachiona n'chakuti kudikira kumadya ndalama, ndipo amene amalipira ndi iwe wogula sheya. Kampani yotere siigulitsa kanthu. Ilibe mgolo ngakhale umodzi wopita kumsika. Koma malipiro a mabwana, maloya, ofesi, ndalama za chilolezo, zonse zikutuluka mwezi ndi mwezi. Zikatha amapanga masheya atsopano n'kugulitsa kwa anthu osankhika pamtengo wotsikirapo kuposa wa pamsika, nthawi zina n'kuwapatsanso ufulu wodzagula ena mtsogolo pamtengo womwewo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Kampani ili ndi masheya 1,000, ife tagula 10, ndiye kuti tili ndi 1%. Rigi yachedwa, apanga masheya ena 500. Yachedwanso, ena 500. Ife tikadali ndi 10 athu aja, koma tsopano ndi theka la zimene tinali nazo. Mafuta akadzapezeka tidzagawana ndi anthu amene analowa mochedwa komanso motchipa kuposa ife. Dalitso, masheya masauzande a £20 akoyo atchipa chifukwa alipo mabiliyoni ambirimbiri, osati chifukwa wina waiwala kukweza mtengo.

Dalitso: Mwandilanda kampani yanga ndisanaione n'komwe.

Yamikani: Chinanso, sheya ikakhala pansi pa 1p, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumakhala kwakukulu. Ukhoza kugula m'mawa, mtengo osasuntha, koma ukafuna kugulitsa masana n'kupeza wataya kale gawo looneka.

Nabanda: Ine ndikhale kumbali ya Chikondi pang'ono, chifukwa mukuyankhula ngati palibe anapindulapo. Cove Energy mwaiiwala? Inali kampani yaing'ono ya pa AIM pomwepo, inali ndi 8.5% yokha m'dera la Rovuma kumpoto kwa Mozambique, pafupi ndi kwathu komwe. Gasi atapezeka, Shell ndi PTTEP ya ku Thailand analimbirana, mpaka mu 2012 PTTEP inaigula pa ndalama zokwana £1.2 biliyoni. Amene anagula masheya poyamba anaseka. Ku Namibia nakonso, Galp itapeza mafuta pa Mopane kumayambiriro kwa 2024, Sintana Energy imene ili ndi kagawo kochepa chabe inakwera kwambiri. Mukamangoopa simudzagwira kanthu.

Bambo Mbewe: Achemwali, zitsanzo zanu ziwirizo n'zabwino, koma taonani chimene zikufanana. Ku Rovuma amene ankaboola anali Anadarko, kampani yaikulu, ndi sitima yake, ndi ndalama zake zambiri, zitsime motsatizana. Cove inkangolipira gawo lake. Ku Mopane woboola ndi Galp. Wamng'onoyo sankadzuka usiku kusaka rigi. Imeneyo ndi nkhani ina, yosiyana ndi kampani yaing'ono imene ikuyendetsa yokha ntchito yonse ndipo tsogolo lake lagona pa chitsime chimodzi.

Ndikuuzeni za 2010, ndinaziona ndi maso. Rigi yotchedwa Ocean Guardian inakokedwa kuchoka ku Cromarty Firth kuno ku Scotland mpaka ku zilumba za Falkland. Ulendo wa miyezi. Kuntchito kwathu anthu ankatsata pa kompyuta kuti lero yafika pati, mawa yadutsa pati, ngati akutsata mpira. Madalaivala, ophika, aliyense anali ndi masheya a Desire Petroleum kapena Rockhopper. Rigi ikadali panjira mitengo inkangokwera. Chitsime choyamba cha Desire, Liz, chinakhumudwitsa mu March, mtengo unagwa pafupifupi ndi theka tsiku limodzi. Mu May, Rockhopper inapeza mafuta pa Sea Lion ndi rigi yomweyo, masheya ake anakwera kambirimbiri. Ndiye mu December, Desire inalengeza kuti yapeza mafuta pa Rachel North, anthu anakondwa, patangopita masiku ochepa inabweranso n'kunena kuti atayezanso bwino apeza kuti ambiri ndi madzi. Panali mnzathu wina amene anaikamo ndalama zimene ankasungira nyumba. Lolemba limenelo anakhala m'kantini osakhudza chakudya, foni ili m'manja.

Nabanda: Koma a Rockhopper anapindula, mwanena nokha.

Bambo Mbewe: Amene anagulitsa chaka chomwecho, inde. Amene anasunga kudikira mafuta enieni, 2024 inatha Sea Lion isanatulutse mgolo ngakhale umodzi wogulitsa. Premier Oil inalowa mu ntchito ya Sea Lion mu 2012, pambuyo pake inachoka itasanduka Harbour, kenaka kunabwera Navitas. Kupeza mafuta ndi chiyambi cha kudikira kwina.

Chikondi: Ndiye n'zimene ndikunenazo! Sindikuti tisunge zaka khumi. Tigule pano anthu akadali otopa ndi kudikira, rigi ikayamba ulendo mtengo ukwera chifukwa cha chisangalalo, ife tigulitse asanalengeze zotsatira. Za mafuta kapena madzi adziwa okha otsalawo.

Yamikani: Pulani imeneyo ili ndi nzeru kuposa yoyamba ija, ndipo alipo amene amachita zomwezo. Koma uvomere kuti apo sukugula kampani, ukubetcha pa mtima wa anthu ena. Vuto lake ndi ziwiri. Loyamba, aliyense amene ali m'masheya amenewa ali ndi pulani yomweyo, ndiye khomo lotulukira limachepa. Lachiwiri, kampani nayo imadziwa kuti nthawi yabwino yopangira masheya atsopano ndi pamene mtengo wakwera ndi nkhani ya rigi. Uthenga wa kampani umatuluka 7 koloko m'mawa msika usanatsegulidwe. Iwe ukutuluka shifiti ya usiku, ukamayatsa foni mtengo watsika kale kufika pamene agulitsira atsopanowo.

Dalitso: Komanso gulu lathuli kuti tigwirizane za malo a Khirisimasi zinatitengera milungu ingati? Ndiye tidzagwirizana zogulitsa masheya pa ola limodzi?

Mai a Tadala: Dalitso lero wanena zanzeru, ndalemba tsiku.

Nabanda: Chabwino, koma ndalamazo zikangokhala zikudyedwa ndi kukwera kwa mitengo. Wina anati tizitumize kumudzi tigule masheya a mabanki ku Blantyre, ena munakana chifukwa cha kwacha, mukukumbuka mmene inagwera ndi 44% mu November 2023. Uku mwakana, uko mwakana.

Yamikani: Banki imapanga phindu, imagawa kwa eni masheya, mabuku ake ukhoza kuwawerenga n'kutsutsana nawo. Za kwacha ndi nkhawa yeniyeni koma ndi mkangano wa tsiku lina. Kuno tikukamba kampani imene mtengo wake wagona pa zinthu zitatu zimene sizinachitike: boma kuvomereza Prime, rigi kufika, ndi zimene zili pansi pa nyanja. Ndipo chachitatucho ngakhale akuluakulu chimawagwetsa. Shell inapeza mafuta pa Graff ku Namibia mu 2022, dziko lonse linaimba m'manja, koma mu January 2025 inafufuta pafupifupi $400 miliyoni m'mabuku ake chifukwa miyala yake siilola mafuta kuyenda bwino. Mwezi womwewo Chevron inaboola Kapana osapeza zogulitsika. Iwowo amangopukusa mutu n'kupita kwina. Bahamas Petroleum inadikira zaka zambiri kuti iboole chitsime cha Perseverance, rigi ya Stena IceMAX inabweradi kumapeto kwa 2020, mu February 2021 zotsatira zinali zosagulitsika, masheya anagwa, kampani inasintha ndi dzina lomwe kukhala Challenger Energy. Eco Atlantic ku Guyana mu 2019 inapezadi mafuta pa Jethro ndi Joe pamodzi ndi Tullow, kenaka kunadziwika kuti ndi olemera komanso a sulufule wambiri, mtengo unabwerera pansi.

Chikondi: Koma zimenezo zinali zitsime zongoyesa malo atsopano. NJOM-3 ikukaboola pamene mafuta anaonekapo kale.

Bambo Mbewe: Kusiyana kumeneko n'koona ndipo kukuchepetsa ngozi, sindikukana. Koma dzifunse kuti Total inasiyiranji. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti mafutawo anali ochepa kwa kampani yaikulu, ndipo akhoza kukhala okwanira kwa yaing'ono. Akhoza. Chitsimecho chiyenera kuonetsa kuti akutuluka mwamphamvu bwanji patsiku, ndiye pambuyo pake pafunikanso ndalama zina zomangira zotulutsira mafutawo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mwanangu, wapachala ngwamphepo.

Nabanda: Kwathu komwe tinamva za mafuta a m'nyanja ya Malawi, Surestream itapatsidwa chilolezo mu 2011, mpaka tinakangana ndi Tanzania za malire. Rigi sitinaione. Apo ndiye ndagonja pang'ono. Koma ine £100 yanga ya m'thumba ndiikamo, ya gulu ayi.

Mai a Tadala: Ya m'thumba mwanu palibe angakuletseni achemwali. Ya gulu, malamulo athu amati ndalama ikhale yoti tikhoza kuitapa pasanathe masiku atatu pakagwa zovuta. Masheya oti tikhoza kuwagulitsa pa theka la mtengo tsiku limene tikufuna kutumiza thupi kumudzi, ine siginecha yanga siipita pamenepo. Amene akufuna tisinthe lamulolo abwere nazo ku msonkhano wa mwezi wamawa, tidzavote.

Chikondi: Ndamva mayi. Ndigula ndekha pang'ono mu ISA yanga, akaunti yosungira ndalama yosadulidwa msonkho ku UK, poti masheya a AIM amaloledwa mmenemo ndipo salipiritsa msonkho wa sitampu. Achimwene Yamikani, ndisanagule ndione chiyani?

Yamikani: Tsegula lipoti lawo lomaliza la ndalama. Ona ndalama zimene zinali kubanki tsiku lotseka mabuku, ona zimene amawononga pa miyezi isanu ndi umodzi, ugawe, udziwa kuti atsala ndi miyezi ingati asanabwerenso kudzapempha. Ona chiwerengero cha masheya lero ndi cha zaka zitatu zapitazo. Kenaka uwerenge bwinobwino mawu a uthenga wa rigi: kodi ndi kontrakiti yosainidwa yokhala ndi mwezi wake, kapena kalata yongosonyeza chidwi? Komanso ndalama za Prime zija zalowa kale, kapena zikudikirabe boma la Cameroon? Unditumizire lipotilo kumbali, tiliona limodzi Loweruka ndikaweruka.

Dalitso: Nanenso mundiike pa foni imeneyo. £20 ija ikadalipo.