Mumayesa bwanji defrag mukasintha kernel?

server_yakale:
Moni nonse abale. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira Linux tsiku ndi tsiku. Ku ofesi kwathu tili ndi server yokhala ndi ma hard disk ozungulira aja, osati SSD, mmenemo muli ma file a ma VM, makompyuta ongoyerekeza oyenda mkati mwa server, komanso database imodzi yomwe imangokula. Ma file amenewa amamwazikana koopsa, ukapanga filefrag ma extent ake, zidutswa za file pa disk, umachita kutopa kuwerenga, ndiye Loweruka lililonse usiku cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika ija, imayendetsa defrag, pulogalamu yosonkhanitsa zidutswazo pamodzi. Partition ina ndi ext4 ina ndi btrfs, mitundu iwiri ya filesystem, kasungidwe ka ma file pa disk. Pano tikufuna kukweza kernel, mtima wa Linux uja, ndipo abwana afunsa kuti tidziwa bwanji kuti defrag ija ikugwirabe ngati kale osaononga kanthu. Ine zomwe ndimapanga ndikungoona kuti ma extent achepa basi. Zikukwana zimenezi? Kapena pali njira yake ya regression testing, yoona ngati zomwe zimagwira kale zikugwirabe, imene anzathu mumatsata?

mkulu_wa_root:
Sizikukwana achimwene. Ma extent kuchepa ndi gawo laling'ono, nkhani yaikulu ndi yoti zomwe zili mu file zisasinthe ngakhale byte imodzi, chifukwa defrag ndi pulogalamu imene imanyamula data yanu yabwinobwino nkuisamutsa pamene simunaipemphe kuti ilembe chatsopano chilichonse. Ikalakwitsa siikuuzani, mudzadziwa patapita miyezi VM ikakana kuyaka, ndipo nthawi imeneyo backup yanu nayonso inakopera kale file yoonongekayo.

Ndiye choyamba sha256sum, checksum imene imasintha file ikasintha ngakhale pang'ono, musanayambe ndi mukamaliza. Koma musanawerengenso kachiwiri pangani umount kenako mount, apo ayi mukhala mukuwerenga zomwe zili mu memory osati za pa disk. Kenako mufufuze zolakwika ndi e2fsck -fn pa ext4, btrfs check pa inayo, partition ili yosamauntidwa.

Komanso musamayese ndi file imodzi yooneka bwino ayi. Pangani ya mabowo mkati, sparse ija, pangani ina ndi fallocate yomwe malo anatengedwa koma simunalembemo, ina yopanda kanthu, ina kukula kwake kosathera pa malire a block, ndipo yofunikitsitsa ndi file imene pulogalamu ina ikulembamo nthawi yomweyo defrag ikuyenda. Mavuto ambiri amabisala pamenepo. Pa ext4 e4defrag imapanga file yongobwereka malo, kenako imauza kernel kudzera pa EXT4_IOC_MOVE_EXT kuti isinthanitse ma block, ndiye taganizani database yanu ikulemba pa block yomweyo imene ikusamutsidwa. Pa server yanu zimenezi zimachitika Loweruka lililonse.

chemwali_wa_IT:
Akulu anena zoona, koma musavutike kulemba zonsezi nokha, zinalembedwa kale. Tengani xfstests, gulu la mayeso a ma filesystem, ena amati fstests. Inayambira ku kampani ya SGI ngati yoyesera filesystem ya XFS koma pano anthu a ext4 ndi btrfs onse amaigwiritsa ntchito asanatumize ma patch. Mumapanga file ya local.config, mumaikamo TEST_DEV ndi SCRATCH_DEV, ma disk awiri oyesera, kenako ./check -g defrag. Mumayeso amenewo muli generic/018 yomwe imayesa zinthu zoyambirira, ndipo kumbali ya ext4 kuli ext4/301 mpaka 304 omwe amayendetsa defrag uku fio, pulogalamu yopanikiza disk, ikulemba, zija akunena akuluwa.

Chenjezo limodzi chonde chonde, SCRATCH_DEV imapangidwa format mobwerezabwereza mayeso akamayenda. Musaloze partition ya ku ofesi. Pangani VM yokhala ndi ma disk awiri opanda kanthu basi.

Kuti ikhale regression test yeniyeni muyendetse kaye pa kernel yakale, musunge zotsatira, kenako yatsopano, nkufananiza. Mayeso ena amalephera pa zonse ziwiri kapena amangodumphidwa chifukwa pulogalamu ina simunaiike, amenewo asakuopseni. Amene muwayang'anitsitse ndi omwe amadutsa pa yakale nkugwa pa yatsopano. Akagwa pamatsala file ya .out.bad mu results, mumaiyerekeza ndi .out yoyembekezeka nkuona pomwe zasiyana.

pingwini265:
Ine ndiwonjezere mbali imene checksum singakuuzeni. Mukukumbukira kernel 5.16 ya January 2022? Code ya defrag ya btrfs inalembedwanso mwatsopano, ndipo anthu omwe anali ndi autodefrag, defrag yodziyendera yokha, pa mount anayamba kudandaula kuti disk ikungolemba osapuma, btrfs-cleaner ikudya CPU makina ali phee palibe amene akuwagwiritsa ntchito. Defrag imabwereza kulemba ma extent omwe sanafunike kukhudzidwa. Zinakonzedwa ndi ma patch otsatira, koma onani, munthu woyesa sha256sum yokha akanati zonse zili bwino, woyang'ana filefrag yokha nayenso akanati zili bwino, pamene disk ikutha.

Ndiye muyesenso kuchuluka kwa zomwe zalembedwa. Werengani /proc/diskstats musanayambe ndi mukamaliza, kapena siyani iostat ikuyenda. Ndipo yeso limene ine ndimalikonda kwambiri ndi ili, pangani defrag kawiri motsatizana pa file yomweyo. Ulendo wachiwiri isapeze ntchito yambiri. Ikalembanso file yonse kachiwiri ndiye kuti penapake pavuta. Zili ngati munthu wosesa pabwalo poti pasesedwa kale, fumbi lokha ndi limene likubuka.

China pa btrfs, muli ndi ma snapshot, aja osunga mmene ma file analili pa nthawi ina? Chifukwa defrag imadula kugawana kwa ma extent pakati pa file ndi snapshot yake, file iliyonse imakhala ndi kope lakelake ndipo malo amatha mwadzidzidzi. Inalipo defrag yodziwa za ma snapshot mu kernel 3.9 koma inazimitsidwa pofika 3.14 chifukwa cha mavuto ake. Ndiye btrfs filesystem usage musanayambe ndi mukamaliza ilowenso mu mayeso anu. Komanso ngati munayatsa compression musadabwe filefrag ikamaonetsa ma extent ambiri ngakhale mutapanga defrag, ma extent opanikizidwa sapitirira 128K, si vuto limenelo.

server_yakale:
Zikomo kwambiri nonse. Ma snapshot alipodi, timapanga tsiku lililonse, ndiye mwina nchifukwa chake Lamulungu mmawa malo amakhala atachepa. Funso lina, kuno magetsi amathima nthawi iliyonse ndipo UPS yathu siikhalitsa. Akathima defrag ili pakati zimatha bwanji, ndipo zimenezo zimayesedwa?

mkulu_wa_root:
Zimayesedwa, ndipo kwa inu limenelo ndiye yeso loyamba. Zomwe ziyenera kuchitika ndi zoti file ikhale pa malo akale kapena atsopano koma yathunthu, journal ya ext4, kaundula wa zosintha, ndi copy on write ya btrfs, kulemba zatsopano pamalo ena osafufuta zakale, ntchito yake ndi imeneyo. Njira yophweka, yendetsani defrag mu VM ya qemu, ili pakati muiphe ndi kill -9, muyatsenso, mount, checksum, fsck. Mubwereze kambirimbiri ndi script pa nthawi zosiyanasiyana, chifukwa kamodzi kokha mutha kungochita mwayi. Koma dziwani kuti kupha qemu sikufanana ndendende ndi kuthima kwa magetsi, zomwe VM inatumiza kale zimakhala zili mu cache ya makina akuluwo ndipo zimakafikabe pa disk. Yofanana kwambiri ndi dm-flakey, imene imataya zolembedwa mukaiuza, kapena dm-log-writes imene imasunga zolembedwa zonse motsatana kuti muzibwereze mpaka pamene mukufuna nkuyesa pamenepo. xfstests imagwiritsa ntchito zonse ziwiri.

chemwali_wa_IT:
Ndipo mukapeza kuti yakale ikudutsa yatsopano ikugwa, git bisect ikupezerani commit yake, kusintha kwa code kumene kwabweretsa vutolo, zimatenga nthawi kumanga ma kernel koma zimatheka pa laptop wamba. Komanso achimwene, pa ext4 yambani mwapanga e4defrag -c, imangowerenga nkukupatsani score osasuntha kanthu. Ikakhala 30 kutsika imati palibe vuto, 56 kukwera ndiye ikufunikadi defrag. Ikani zimenezo mu cron kuti iziyenda pokhapokha score yakwera. Kwa ma VM a pa btrfs ganizirani za chattr +C, yozimitsa copy on write, pa folder yatsopano nkukoperamo ma file, kumwazikana kumachepa, kungoti ma file amenewo sakhalanso ndi checksum ya btrfs, ndiye mukambirane kaye ndi abwana anu musanasinthe.