Bambo anga akudwala Parkinson, amayi atopa: ndithandizeni nzeru

Abale anga, bambo anga akudwala Parkinson, matenda a muubongo amene amasokoneza kayendedwe ka thupi. Manja amanjenjemera, koma chovuta kwambiri ndi miyendo: akafika pakhomo mapazi amangokakamira pansi, osasuntha. A fiziyo kuchipatala anatiphunzitsa kumawawerengera mokweza kuti "wani, thuu" kuti aponye phazi, ndipo zimathandizadi, makamaka mankhwala a levodopa akayamba kugwira ntchito m'thupi.

Nkhawa yanga ili pa amayi. Ndi amene amawadzutsa usiku kupita nawo kuchimbudzi, moti msana wayamba kuwapweteka, tulo sakuliwonanso. Ine ndimagwira ntchito kutali, zimandiwawa mumtima.

Inu amene munasamalirapo wodwala chonchi, mumamudzutsa bwanji pabedi kapena pamphasa osadzipweteka msana? Nanga tsiku limene bambo akana kuchita mafizo, tiziwaumiriza kapena tiziwasiya apume?