Ndisiye ntchito ndikhale mlangizi wa za magetsi? Thandizeni

Wofunsa: Admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ku Mangochi, ndagwira ntchito zaka 6 pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Malipiro amachedwa, abwana amangoti alendo achepa. Alamu anga omwe ndinawalipirira fizi akundinena kumudzi, landilodi wakwezanso renti, ngakhale mayi a kunyumba sakundiyankhula bwino. Chaka chatha ndinapeza kuti magiza a m'zipinda zopanda alendo amayaka usiku wonse. Ndinayamba kuwazimitsa, ndinachotsa mababu akale n'kuika a LED, mayunitsi anayamba kukhalitsa. Zikomo yemwe sanandipatse. Ndikufuna ndisiye ndikhale konsaltanti wothandiza maloji, zigayo ndi masukulu kusunga magetsi, mwina n'kudzalangizanso boma. Ndiyambire pati? Tulo sindikupeza.

Madala a ku Namwera: Achimwene, boma mulilangiza chiyani musanawerenge National Energy Policy ya 2018, ndondomeko ya boma ya zamphamvu? Mukudziwa kuti kuyambira 2017 wopanga magetsi ndi EGENCO, ESCOM imangogula n'kugawa, ndipo mitengo amavomereza ndi a MERA? Vuto si mababu anuwo ayi. Nkula, Tedzani, Kapichira, komwe amapangira magetsi, zonsezi zili pa Shire mmodzi yemweyu wotuluka pakwathu pano. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130. Babu ikanathandiza chiyani?

Mayi ogulitsa usipa ku Makawa: Mwana wanga, musasiye ntchito musanapeze ina. Ine wina anabwera ndi tayi, akuti katswiri wa sola, anandigulitsa firiji ndi mabatire awiri. Miyezi 4 isanathe mabatire anafa, chambo chonse chinanunkha. Mpaka lero foni yake siilowa.

Wamagetsi wa ku Monkey Bay: Biggie, sukulu munalekezera pati? Muli ndi pepala lanji? Izi ndiye zofunika. Mukamagwira mawaya a anthu pamafunika chilolezo cha MERA. Ngati ndi kuyeza kokha, gulani clamp meter (kachipangizo koyezera magetsi odutsa mu waya), lembani mita m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu, muone chimene chikudya kwambiri: giza, eyakoni kapena ma deep freezer.

Madala a ku Namwera: Kuyeza n'chiyani magetsi akusowa? Tikufunika sola ngati ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya Golomoti ya 20. Mangochi dzuwa likuotcha chonchi!

Wamagetsi wa ku Monkey Bay: Madala, yuniti yomwe sinawonongeke pa giza ipita kwa munthu wina. Munthu wafunsa za ntchito, osati msonkhano.

Mnyamata wa kabaza: Kkkkk yambani ndi kuzimitsa alamu anuwo bwana.

Achemwali a ku Zomba: Lembetsani bizinesi kwa Registrar, tengani TPIN (nambala yolipirira msonkho) ku MRA. Popanda izi mabungwe sakupatsani ntchito. Ku Mzuni kulinso maphunziro a zamphamvu zongowonjezereka. Ndipo osaiwala nkhuni, ambiri timaphikira nkhuni ndi makala, za chitetezo mbaula, yosatha nkhuni zambiri, zilinso ndi ntchito.

Madala a ku Namwera: Mbaula! Mapiri a ku Namizimu akutha ndi makala inu mukuti mbaula. Lamulo likhwime basi, ndakhala ndikunena.

Wofunsa: Zikomo nonse. Amayi pepani ndi firiji yanuyo. Lero abwana andiitana ku ofesi, akufunsa ndani anandilola kusintha mababu. Ndiwayankhe bwanji?

Wamagetsi wa ku Monkey Bay: Tengani malisiti a mayunitsi a miyezi ija muwaonetse. Koma pepala lanu lija simunandiyankhebe.